Paipi ya oyilo ya a Orval Pokorny

A Orval Pokorny sanakwatirepo. Anakhala ndi mayi awo m'kanyumba koyera kuseri kwa nkhokwe za chimanga za m'tauni mwathu, kumadzulo kwa Nebraska, mpaka mayiwo atatsikira kuli chete. Ntchito yawo inali yokonza makina othirira minda. Atapuma pa ntchitoyo anagula mapulani ndi malata a aluminiyamu, n'kuyamba kupanga ndege ya anthu awiri mu shedi ya kumapeto pa bwalo lathu la ndege. Ine ndine Marlys, amene ndimatchetcha udzu wa pabwalopo ndi thirakitala, choncho ndinkawaona pafupifupi tsiku lililonse.

Kale shedi iliyonse inali ndi mwini wake, ndipo Loweruka m'mawa pabwalo pankanunkhira khofi ndi soseji. Koma anthu anatha pang'onopang'ono, ena kumanda, ena kutsatira ana awo m'mizinda. Panatsala a Orval ndi a Lyle Hruska, amene pa unyamata wawo ankapopera mankhwala m'minda pa ndege. Mashedi awo anali ogundizana. Awiriwa ankakangana pa chilichonse, mvula, ndale, kaphikidwe ka nyemba, koma mkangano umene unakhalitsa unali wa paipi imodzi.

Pulopela ya ndege ya a Orval, chozungulira cha kumphuno chija, inali ya mtundu umene mapiko ake amapendeka okha ndege ili m'mwamba. Chimawapendeketsa ndi oyilo wa mu injini, ndipo chimene chimakankha oyiloyo ndi kapampu kotchedwa gavanala. Pa injini yawoyo kapampuko kanali kumbuyo, pulopela ili kutsogolo, ndiye pankafunika paipi yodutsa kunja, kunsi kwa masilinda. Paipi imeneyi ikang'aluka muli m'mwamba, oyilo yense amathera pagalasi la kutsogolo, injini n'kuuma.

"Ika yofewa, iwe," ankatero a Lyle atatsamira pakhomo. "Ya labala yolukidwa ndi waya ija. Uiveke chovala chake chosapsa, basi ukagone."

"Labala amakalamba ngati iweyo. Ine ndikufuna yachitsulo."

"Chitsulo chimatopa, mdala. Injini ikamanjenjemera chimang'aluka osatsanzika."

"Nanga timalamba tomangira tija anatipangiranji?"

"Nkhutukumve iwe! Amayi ako anapirira ndithu."

Ndege inali isanafike n'komwe poikidwa paipiyo, koma iwo ankaikangana ngati ikufunika mawa.

Nthawi yokolola chaka china, a Lyle anadwala sitiroko ali m'galimoto lawo pakhomo pa sitolo. Mwana wawo Darlene anabwera n'kuwatenga kupita nawo ku Omaha, kunyumba yosamalirako okalamba. Kuchoka kwathu kukafika kumeneko ndi ulendo wa pafupifupi tsiku lathunthu. Shedi yawo anaikhoma ndi loko, ndipo pabwalo panangoti zii.

Dzinja la chisanu lonselo a Orval anagwira ntchito okha, atavala chijasi, kambaula ka parafini kakuyaka pambali. Tsiku lina ndikuchotsa chipale chofewa pamsewu wolowera ndinamva akulankhula mokweza. Ndinaganiza kuti kwabwera mlendo. Nditasuzumira ndinapeza ali okha, atayang'ana khoma la shedi ya a Lyle, sipanala ili m'manja. Atandiona anatsokomola n'kuyatsa wailesi.

Paipi yachitsulo ija inabwera pa positi, yopindapinda kale. Koma injini ya a Orval inachokera pa ndege yakale, ndipo paipiyo sinkafuna kukhala bwino. Akagwiritsa nati ya kumbuyo, ya kutsogolo inkathawa. Akayambira kutsogolo, kumbuyo kunkaperewera pang'ono. Ntchitoyo inkafuna munthu wina wogwira mbali inayo. Anayesa kumanga ndi chingwe, anayesa kuchirikiza ndi kathabwa. Anavutika masiku ambiri asanabwere pamene ndinkathira mafuta mu thirakitala.

"Mayi Marlys," anatero akuyang'ana pansi, "mungandibwerekeko manja anu pang'ono?"

Ndinagwira kutsogolo, iwo atagona chagada kunsi kwa injini. Anakankha, paipi inalowa, nati inagwira. Anamanga timalamba take tokhala ndi labala m'kati. Sanasangalale. Anangoti, "Yalowa, koma yalowa monyinyirika."

Chipale chitasungunuka anatulutsa ndege kuti alize injini koyamba. Anaimangirira ku chipilala, ine n'kuima pambali ndi chozimitsira moto. Injini inatsokomola kenaka n'kulira bwinobwino. Atakoka kandodo ka pulopela, kulira kuja kunatsika n'kukweranso, kusonyeza kuti oyilo akufika kutsogolo. Panalibe podontha. Atazimitsa anakhalabe m'ndegemo nthawi yaitali. Ndinawaona akutulutsa foni m'thumba, n'kuiyang'ana, n'kuibwezera.

Analiza injini masiku ena angapo. Kenaka m'mawa wina anandipeza ali ndi chinthu chachitali chokulunga m'thawulo.

"Kodi achemwali anu aja sakhala ku Omaha? Simukufuna kukawaona? Ine maso anga sakonda misewu ya m'mizinda."

Tinapita, ine ndikuyendetsa, n'kukagona kwa achemwali anga.

A Lyle tinawapeza pa njinga ya olumala pafupi ndi zenera, atawonda, mbali ya kumanja itafa. Mawu anali atawathawa. Anayang'ana a Orval osasonyeza kanthu. A Orval sanapereke moni. Anangomasula thawulo lija n'kuika paipi yachitsulo ija, imene anaichotsa pa injini, pamiyendo ya mnzawo.

Dzanja la kumanzere la a Lyle linayamba kuyenda pa paipiyo, kuchokera ku nati ya kumbuyo. Pa kona yachiwiri linaima. Panali kamalo konyezimira pamene chitsulo chinkakhuzana ndi lata la pa injini, ndipo chikhadabo chawo chinakola m'kamzera kakang'ono, chiyambi cha mng'alu. Anakanda pamenepo, n'kukandanso. Anatsegula pakamwa kufuna kulankhula. Tinadikira.

"Chi... chitsiru," anatero a Lyle.

A Orval anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo inapitirira kuseka kutatha. Anapukuta ndi thawulo lomwe lija.

"Chitsiru ndi ndani? Paipi ilibe mlandu, ndi injini yokhotayo! Ukufuna kunena kuti unandiuza? Usayambe, nkhalamba iwe."

Masana onse anakangana, a Orval akulankhula mbali zonse ziwiri, a Lyle akumenya dzanja pa chitsulo cha njinga akakana, n'kutseka maso akavomera. Namwino atabwera ndi msuzi ndi mbatata yoponda anati sanaonepo a Lyle atakhala maso nthawi yaitali chonchi. Potsanzika a Orval anafuna kutenga paipi ija, koma a Lyle anaigwira zolimba. Anaisiya.

Pobwerera tinadutsa mtsinje wa Platte. Pamenepo a Orval anandifunsa ngati ndili ndi chingwe choyanikira zovala chimene sindikuchifuna.

Chingwecho anayezera njira ya paipi yofewa, kuchokera pa gavanala mpaka kumphuno kwa injini, n'kusiyako mpata pang'ono kuti isakungike injini ikamagwedezeka. Anaitanitsa yokhala ndi mitu yachitsulo, osati ya aluminiyamu, ndi chovala chake chofiirira chosapsa. Anaidutsitsa kutali ndi ekizosi yotentha n'kuimanga kuti isakhudze kanthu. Imeneyi sinafune munthu wachiwiri. Anaiika okha chitseko chili chotseka.

Woyendera ndege wa boma anabwera, anaona zonse, n'kuvomereza. A Orval anauluka m'mawa wina mu Juni, chimanga chili m'mawondo. Oonerera tinali ine ndi ng'ombe za kuseri kwa waya. Anazungulira pamwamba pa tauni, pa nkhokwe, pa manda a tchalitchi, n'kutera bwinobwino. Atatsika anatsegula chivundikiro cha injini, n'kupisa dzanja kunsi kwa masilinda. Linatuluka louma. Anandionetsa ine, poti panalibe wina womuonetsa.

Anandipempha kuti ndiwajambule ataima pambali pa ndege, ndipo chithunzicho anatumiza ku Omaha. Yankho silinabwere. Masamba atayamba kuyoyoka Darlene anaimba foni kunena kuti bambo ake anamwalira ndipo anaikidwa kale. Anapepesa kuti m'chipwirikiti cha maliro sanakumbuke kudziwitsa anthu a kwathu. A Orval anati palibe kanthu, n'kumuthokoza poimba.

Anauluka chilimwe chotsatira chonse, nthawi zambiri Lamlungu anthu ali m'tchalitchi. Ine kukwera ndege ndimaopa, ndipo atandifunsa kamodzi n'kukana, sanandifunsenso. Kenaka dokotala anapeza vuto mu mtima wawo n'kuwaletsa kuuluka. Ndege anaigula bambo wina wa ku Oklahoma, munthu wabwino koma wofulumira. Anasuzumira mu injini, n'kunena kuti ntchito yake ndi yaukhondo. A Orval anayamba kumufotokozera za paipi, koma bamboyo anali akuyang'ana mitambo, akufuna kunyamuka mphepo isanakule.

Masiku ano a Orval amabwerabe pabwalo ndi fulasiki ya khofi, n'kukhala pampando pakhomo pa shedi yopanda kanthu. Amandinolera mipeni ya makina otchetchera ngakhale isanabunthe. Eni malo akuti mwina chaka chamawa alimapo chimanga. Sabata yatha ndikutseka geti anandiitana.

"Mayi Marlys, mutchetcha Lachinayi kapena Lachisanu?"

Ndinati Lachinayi. Anati chabwino, adzabwera masiku onse awiri.