Madontho a Kaptein

Ku Worcester aliyense ankawadziwa a Sollie Arendse ndi zinthu ziwiri: anayendetsa basi zaka makumi atatu osagunda ngakhale nkhuku, ndipo chamba ankadana nacho kuposa Satana. Anali dikoni. Tsiku lomwe anapeza ndudu ya chamba m'jekete la mwana wawo Denzil, anamuponyera zovala panja, Lamlungu masana, msewu wonse ukuonerera. Denzil anapita ku Cape Town n'kusiya galu wake, Kaptein. Zaka zisanu ndi chimodzi zinadutsa bambo ndi mwana osapatsana ngakhale moni.

Galuyo ndiye anali ndi khungu la tsoka. Seputembala akangofika, udzu n'kuyamba kuchita maluwa, Kaptein ankadzikanda mpaka magazi, mapazi n'kuwanyambita mpaka kufiira psuu. Dokotala wa ziweto anapereka mapiritsi, koma anachenjeza kuti akachuluka amawononga m'thupi. Denzil atamva kwa mayi ake, a Merle, anayamba kutumiza kabotolo kakuda mwezi ndi mwezi, ka mafuta a chamba opangira agalu. Dokotala anati ayese, madontho asanu m'chakudya, koma mapiritsi osasiya. Ubweya unameradi, mapiritsi n'kutsika kufika pa theka.

"Chamba m'nyumba mwanga!" a Sollie ankakalipa.

"N'cha galu, Pa. Galuyu ndi dikoni?" a Merle, omwe ankaitanana ndi amuna awo kuti Pa ndi Ma, ankayankha choncho, uku akudontheza.

Tsono a Sollie anali ndi maondo awo. Zaka zonse zija za kuponda kilatchi zinawasiyira ululu woti kutsika masitepe atatu a pakhonde inali nkhondo. M'mawa wina a Merle atapita kukagula nsomba, bambowa anayang'ana kabotolo, kabotolo nako kanawayang'ana. Anati angolawa. Madontho atatu pa lilime, basi.

Kaya anali mafutawo, kaya unali mutu wawo, ine sindikudziwa, koma madzulo ake anakwera makwerero n'kukonza denga la garaja. Mawa lake anamwa asanu. Kabotolo katayamba kupepuka, anathiramo mafuta ophikira. Botolo lakuda silionetsa za m'kati. Mwezi wotsatira sanavutike n'komwe ndi zosakaniza: mafuta onse ochokera kwa Denzil anawakhuthulira m'botolo la mankhwala a chifuwa n'kulibisa m'bokosi la masipanala, la galu n'kulidzaza ndi a mpendadzuwa. Munthu wamkulu, wa tayi, wogawa mgonero. Zamanyazi!

Kaptein anayambiranso kudzikanda. Dokotala anakweza mapiritsi. Galu anayamba kumwa madzi ndowa yathunthu, kukodza m'khitchini, mimba kutupa, zilonda kunsi kwa mimba zili nyezinyezi. M'mawa uliwonse a Merle ankavala magalasi n'kuwerenga mokweza, "Limodzi, awiri, atatu," a Sollie atabisa nkhope m'nyuzipepala yomwe sankaiwerenga.

Chinkawapweteka kwambiri n'chakuti galuyo sankawakwiyira. Ankabwera akutsimphina n'kudzatsamiritsa mutu pa maondo omwewo. A Sollie ankamugulira poloni, ankamutsuka ndi madzi ofunda, ankamunong'oneza kuti, "Mawa ndisiya, mnyamata wanga." Mawa likafika, bondo n'kuti tsii, iwo ulendo ku garaja. Ankapemphera za tchimoli atagwada bwinobwino, ndipo kugwada kosavutako n'kumene kunkawatsutsa.

Lachisanu lina a Sollie ndi a Merle anabwerera ndi galuyo kwa dokotala. Dokotalayo, yemwe anali mtsikana, anamutembenuza Kaptein patebulo, anaona zilonda, napukusa mutu.

"Mapiritsi sindingakwezenso, Antie Merle, angamuphe. Mafuta aja akumwabe?"

"Tsiku ndi tsiku, mwanangu." A Merle anatulutsa kabotolo m'chikwama. "Kapena ndine ndikulakwitsa kuwerenga. Maso angawa atha. Mwana anandisiyira chinthu chimodzi chokha, ndiye ndalephera kuchisamala. Ngati kwatsala n'kuzunzika kokhakokha, mubayeni agone. Denzil ndikamuuza ndekha kuti ndine."

Mkazi amene anaphikira banja zaka makumi anayi ankadziimba mlandu wa a Sollie, ndipo galu anali pafupi kufera maondo a dikoni.

"Si maso anu, Ma."

"Mwati chiyani?"

"M'botolomo muli mafuta okazingira tchipisi. A galu ndakhala ndikumwa ine."

Dokotala anatsegula kabotolo, ananunkhiza, n'kuluma mlomo. Anangoti asambitsidwe ndi sopo wa mankhwala, apakidwe zilonda, mapiritsi atsitsidwe pang'onopang'ono, ndipo mafuta enieni abwerere msanga. A Merle akanalalata zikanakhala bwino. Ananyamula chikwama n'kukakhala m'galimoto.

A Sollie atamugoneka galu kumpando wakumbuyo n'kulowa, anapeza foni ya a Merle ili pa mpando wawo.

"Pakufunika botolo lina, ndipo mwezi sunathe," anatero a Merle akuyang'ana kutsogolo. "Denzil afunsa kuti enawo apita kuti. Ine sindinamiza mwana wanga. Munamuthamangitsa nokha, mumuuzenso nokha."

"Ma, chonde, tikafike kaye kunyumba."

"Pompano, Sollie."

Foni inaitana katatu.

"Ma?"

"Si amayi ako. Ndi ine."

Mawu a Denzil, omwe anali atakula kuposa mmene ankawakumbukirira, anafunsa motsitsa: "Kaptein wafa?"

"Ayi, ali moyo." A Sollie anagwira chiwongolero ndi dzanja linalo, misozi ikugwera pa tayi. Kumbuyo galu anali akudzikanda, mwendo ukumenya mpando, phu, phu, phu. "Denzil, mwana wanga, usadule. Ndakhala ndikumubera galu wako chamba."