Mzere Umene Ndinaiwala Kufufuta

Kompyuta inafika ku parishi kwathu, kumapiri a Dowa, nthawi imene aliyense anali kalikiliki kukangana za zipani. Popeza ndinkadziwa kutaipa, asisitere oyang'anira ofesi anayamba kundiphunzitsa kulemba pulogalamu yosindikiza makalata. Ntchito yake inali kulumikiza mawu: malonje, dzina la munthu, mudzi wake, kenako uthenga womuitanira kumsonkhano.

Ine ndinkalemba mwa njira yanga. Mphakati uliwonse, kagulu ka akhristu a dera limodzi, ndinkaukopera mizere yakeyake, yofanana ndendende, mpaka pulogalamu inatalika ngati mzere wa kuchigayo.

"Lembani malo amodzi, muziitana mukaifuna," asisitere ankatero. "Tsiku lofuna kusintha mawu mudzalira."

Ndinkavomera ndi pakamwa pokha.

Atcheyamani a parishi anali bambo okonda kuwodzera pamisonkhano yoitanitsa okha. Tsiku lina, pofuna kuseketsa mnzanga wophika tiyi, ndinauza makinawo kuti akapeza dzina lawo aziwonjezera kumapeto kuti, "Mubwere ndi mphasa." Tinaseka mpaka misozi, kenako ndinafufuta. Tsoka ilo, mizereyo ndinali nditaikopera kale pena, ndipo ndinafufuta pamodzi pokha. Makalata anapita osawerengedwa.

Bambowa anali malume ake a chibwenzi changa, ndipo Loweruka la sabata imeneyo ndiwo ankayenera kuyankhulira kuchimuna pa chinkhoswe chathu. Akanangoti toto, zonse zikanathera pomwepo.

Lachitatu anatulukira, natsamiritsa njinga pakhoma, kalata ili m'manja. Ndinachita mantha.

"Walemba izi ndani, mwanawe?"

"Ndi makinawa, bambo."

Anayang'anitsitsa makinawo mwaulemu, ndipo ndinaona kuti atsala pang'ono kukhulupirira. Koma asisitere anali ataima pakhomo.

"Atcheyamani," anatero mofatsa, "makinawa sanapitepo kumsonkhano."

Mpaka lero asisitere amenewo sindinawakhululukire bwinobwino. Ndinagwada pasimenti n'kuulula zonse, ndi za mnzanga wa tiyi zomwe, poti kufa ndekha sindinafune.

Atcheyamani anapinda kalata ija kanayi, naiika m'thumba la jekete. Ine ndinayamba kuganiza zoti ndikawauza chiyani amayi, amene anali atafulula kale thobwa.

"Loweruka tibwera," anatero pomaliza. "Mwana wa mlongo wanga uja wandivutitsa kuyambira ali wamng'ono. Naye akumane nazo."