Tsiku la 18 Epulo ndi lanunso, bambo a Mariyamu

Wailesi yakhala ikuwerenga za tsiku la lero kuyambira m'mawa: dziko lidalandira ufulu, akuti adabadwa, akutiakuti adamwalira. Ndatchera khutu mpaka tiyi kuzizira, koma dzina lanu sindinalimve, bambo a Mariyamu. Chonsecho inunso mudatisiya pa 18 Epulo pomwepa.

Ndakumbuka tsiku la ufulu lenilenilo mu 1980. Mudasoka mbendera pamakina anu n'kuipachika pageti pathu ku Zengeza 2, kufupi ndi Harare kuno. Mai Tendai oyandikana nafe adafuulira pampanda kuti, "Achimwene, mbendera yathu mukuifuniranji inu a ku Nyasaland? Sitima yakwanu ikudikira!" Ine n'kuti nditamanga kale chitenje m'chiuno kuti ndikawaonetse. Inu mudangoti, "Amayi, diresi lokavinira ufulu mwavalalo adasoka ndani? Vulani kaye ndipite nalo kwathuko." Msewu wonse udafa nacho chiseko, iwo n'kuthawira m'nyumba.

Ndiye lero ana anuwa akuti sadaka yanu tiisunthire Loweruka, eti n'holide, ali ndi mpira wokaonera ku Harare. Ndawakanira kuti "kwete", m'Chishona chawocho kuti amve bwino. Munthu sadasankhe tsiku lomwalira kuti ligwirizane ndi mpira. Mpunga ndateleka kale, ashehe afika ikatha swala ya masana. Wofuna mpira akwere kombi, minibasi zawozo, Seke Road yopita ku Harare sinatsekedwe. Koma mawa asabwere ndi kambale kudzafuna makombo. Mpunga wa bambo wawo adya okhawo amene akhale pansi pa pemphero la duwa.