Bampala m'Chitenje Changa

Amuna anga anali makaniko ku Biwi, ku Lilongwe, munthu woti galimoto ikangodutsa pamsewu amakuuza chimene chikuivuta. Titafika ku South Bend, ku America, mapepala awo a umakaniko palibe anawayang'ana. Anapeza ntchito yosambitsa ndi kunyamula okalamba kumalo kowasungira. Ankaigwira mosadandaula, koma kunyumba ankangofika n'kukhala duu ngati mlendo.

Tsiku lina ndikuchokera kuchipatala kumene ndimagwira ntchito, ndinapeza chigalimoto chobiriwira m'galaja, chakale kuposa ine, kunsi konse dzimbiri chifukwa cha mchere umene amathira m'misewu nyengo yozizira. Anachigula kwa gogo wina wa kutchalitchi kwathu. Ine pakamwa sindichedwa.

"Abambo, galimoto yanga izigona panja pachipale chofewa chifukwa cha chiphapha ichi?"

Iwo anangoseka. "Amayi, dikirani mudzamve ikadzalira."

Ndinasiya kulongolola nditamva munthu akuimba mluzu m'galajamo. Chichokereni kumudzi ndinali ndisanaumvenso. Ndinadziwa kuti bola chiphaphacho chilipo, amuna anga aja a ku Biwi aliponso, ndipo ndinkachita mantha kuti chikadzachoka adzabwerera kuchete kuja.

Loweruka limodzi pamwezi tinkapita ku Indianapolis. Ankandisiya m'masitolo a pa Lafayette Road ndikugula ufa ndi nsomba zouma, iwo n'kupitirira cha ku Speedway, kumene madala okonda magalimoto akale ankayala masipeya pamatebulo. Poyamba ankabwerako manja ali odzaza, akudzitama mmene anenerera. Koma mliri uja utadutsa, eee, zinthu zinapenga. Penti yakwera, chitsulo chakwera, kachitsulo kochepa ngati chala mtengo wake ngati wa mbuzi. Ogulitsa anathawira pa intaneti, kumene sunganenerere munthu. Anzawo aja, ambiri opuma pantchito, anayamba kugulitsa magalimoto awo mmodzimmodzi. Kwathu nako lendi yakwera, mwana wathu walowa koleji. Sindinawauze kuti asiye, iwonso sanandipemphe kanthu.

Loweruka lina m'mawa tikunyamuka, ndinatsegula kumbuyo kwa galimoto yanga kuti ndiike zikwama. Ndinapeza chinthu chachitali chokulungidwa m'chitenje changa cha kutchalitchi. Kufunyulula, bampala wa chigalimoto chija, yemwe anamupukuta nyengo yonse yozizira mpaka kumadzionerapo nkhope.

"Nanga uyu akupita kuti?"

"Ndikamugulitsa ndigula kabureta," anatero osandiyang'ana. "Galimoto imayenda ndi injini, siyenda ndi bampala."

Za chitenjecho sindinafunse n'komwe. Mtima unandipweteka.

Pambuyo pa bampala zinapita nyali zakumbuyo. Kenako mpando wakumbuyo, kenako timizere tonyezimira ta m'mbali. Ndikalowa m'galaja kukatenga tsache ndinkaona galimotoyo ikuchepa, injini yokha ikunenepa. Ndinawauza tsiku lina kuti, "Abambo, izi ndi za nkhuku yodya mazira ake." Anandiyankha kuti mitengo ikatsika adzagulanso zonse. Mitengo itsike ku America kuno?

Injini inalira masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo. Anandiitana ndili ndi ufa m'manja, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinalulutira mpaka mzungu woyandikana nafe anasuzumira pawindo. Koma chimwemwecho sichinakhalitse. Mabuleki kunalibe, pansi panali pobooka, penti ayi, ndipo zogulitsa zinali zitatha. Atafufuza bampala ngati wawo uja, anapeza kuti wakweranso kuposa mmene anamugulitsira. Anakhala patebulo n'kunena kuti, "Amayi, yandikanika." Munthu amene galimoto inali isanamukanikepo.

Wogula anachokera ku Lawrence, bambo wamtali wokoka ngolo yonyamulira magalimoto. Anazungulira, kugogoda zitseko, kusisita magalasi. Kuboneti sanapiteko. Amuna anga anamuuza kuti ayambe wamva injini, ndipo asanayankhe anali atailiza kale. Inalira bwino, mosatsokomola, galaja yonse kunjenjemera.

Bamboyo anamwetulira mwaulemu n'kunena m'Chingerezi kuti asavutike. Iye amaphwasula magalimoto n'kugulitsa chimodzichimodzi, ndipo pamenepa akufunapo zitseko ndi magalasi. Injini zotere ali nazo kale zambiri, anthu sakuzigula. Anapempha kuti azimitse, aikweze pangolo.

Amuna anga anatsika injini ikadalira n'kuima pambali pa boneti, dzanja lili pachitsulo, mutu ataweramitsa, kumvetsera. Bamboyo anayang'ana wotchi yake, kenako anayang'ana ine.

"Abambo," ndinatero. Sanatembenuke. "Abambo, munthu akudikira."

Sanandimve, kapena anandimva, kaya. Ndinalowetsa mkono pawindo, ndikulira, n'kupotokola kiyi ndekha.