Chilimwe chomwe tinkathira mkaka m'dzenje

Chigubu cha mkaka cha bambo chinali cha aluminiyamu, chopindika pakhosi pomwe chinagwera panjinga, ndipo chivindikiro chake ankachimanga ndi mphira wa chubu. Ankachitsuka okha ndi phulusa ndi madzi otentha, n'kuchiyanika chozondotsa pathandala. Munthu wa manja onunkha nsomba sankaloledwa kuchigwira. Koma kwathu, m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh, pafupifupi aliyense manja ake ankanunkha nsomba, choncho chigubucho tinkachigwira awiri basi, bambo ndi ine.

Bambo anali mkamwini. Anachokera ku Mozambique ali mnyamata nthawi ya nkhondo, anagwirapo ntchito pafamu ina ya ng'ombe, kenako anakwatira amayi n'kumanga pamudzi wa kwawo kwa amayiwo. Anthu onse ankaweta ng'ombe zachikuda zalinunda, zoyenda zokha kutchire. Bambo anali ndi ziwiri zamawanga akuda ndi oyera, Dona ndi mwana wake, zomwe anthu ankati sizingakhale m'dziko lotentha ngati lathu. Anazimangira khola la denga la udzu lalitali kuposa nyumba yathu. Dzuwa likafika paliwombo ankazithira madzi pamsana ndi chikho, akuzilankhula m'Chisena.

Chaka chimenecho ndinali mu sitandade 5. Loweruka lililonse tinkapita limodzi kudambo kukamweta udzu. Bambo sankatha kukhala m'nyumba. Ngakhale chakudya ankadyera panja. Ankadziwa pomwe mvuu yatulukira, pomwe ng'ona imakonda kuwothera dzuwa, ndi mbalame iliyonse ndi kulira kwake. Ankaima mwadzidzidzi, mtolo uli pamutu, n'kundigwira paphewa: “Mwanawe, tamvera.” Ndinkamva mabango akukhulana, akakowa akunyamuka, fungo la matope ofunda ndi udzu wongodulidwa kumene. Pobwerera ankandizulira nyika, mizu yodyedwa ya maluwa a m'dambo, m'madzi kuti amayi akaphike.

Chilimwe chimenecho chinali chowawa. Zithaphwi zinauma, ng'ombe zonse zinkaunjikana pamadzi ochepa omwe anatsala. Amalume, mchimwene wawo wa amayi, amene anali mwini mbumba yathu, anabweretsa ng'ombe zisanu zatsopano zomwe anazipeza kufupi ndi nkhalango ya njati. Ankazimwetsa m'chomwera cha simenti chomwe bambo anawakira Dona. Bambo akadandaula, amalume ankayankha mawu omwewomwewo: “Malo ano ndi athu, alamu. Inu munabwera ndi chikwama.”

Tsiku lina m'mawa, atatha kukama, bambo sanamange chigubu panjinga. Anavala malaya awo a kutchalitchi n'kupalasa ulendo wa kwa alangizi a ziweto. Masana alangiziwo anafika panjinga yamoto, analowa m'khola la amalume, n'kuyasamitsa ng'ombe imodzi. Ine ndinaona ndi maso anga dovu likulendewera ngati ulusi, lilime lili zilonda zokhazokha, ng'ombeyo ikunyamula mwendo uwu, kenako uwo, ngati yaponda moto. Alangiziwo anati ndi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Pasanathe masiku atatu msika wa ng'ombe unatsekedwa, pamsewu panaikidwa chipika, ndipo analetsa kutulutsa nyama kapena mkaka m'dera lonse.

Mpaka lero ndikaganiza zomwe zinatsatira mtima umandiwira. Palibe amene analoza chala amalume, omwe anadutsitsa ng'ombe zodwala m'njira zam'tchire pothawa kuti zingapimidwe. Mudzi wonse unatembenukira bambo. Ankati mlendo wagulitsa mudzi. Ankati anachita nsanje ndi ng'ombe za mlamu wawo. Azibambo omwe ana awo anakula ndi chambiko cha Dona ankawoloka msewu akawaona. Kutchalitchi, benchi yomwe bambo ankakhala inkatsala ndi iwo okha, anthu akuimba za chikondi atapanikizana kumbuyo.

Lamulolo linapweteka ife kuposa wina aliyense. Ng'ombe yanyama imadikira, mkaka sudikira. Dona ankakamidwabe kawiri patsiku, chifukwa ukaleka bere limatupa. Bambo anakumba dzenje kuseri kwa khola. Ankakama mosamala monga mwa masiku onse, kusefa pansalu yoyera, kenako n'kunyamula chigubu kupita kudzenje. Mkaka unkachita thovu panthaka youma, n'kulowa pansi, ntchentche zobiriwira n'kutera. Ndinawafunsa chifukwa chomwe ankausefera mkaka wokataya. Anati, “Manja angaiwale.”

Kusukulu aphunzitsi athu anali ndi ng'ombe ziwiri zomwe ankafuna kukagulitsa mwezi womwewo. Tsiku lina ndikutunga madzi mumtsuko wa m'kalasi, anandilanda kapu pamaso pa anzanga onse. “Iwe uzibwera ndi kapu yako. Kwanu kuli matenda, ndipo kuli pakamwa.” Kalasi yonse inaseka. Munthu wamkulu, wophunzira, amene ankadziwa bwino lomwe kuti matendawo sanayambire kwathu, anasankha kubwezera pa kamtsikana ka zaka khumi ndi chimodzi. Ndakhala ndikuyesa kuwapezera chifukwa, koma sindinachipeze, ndipo ndinasiya kufuna.

Mkwiyo wanga wa tsiku limenelo sindinaupititse kwa aphunzitsi. Ndinaupititsa kwa bambo. Loweruka atandiitana kuti tizipita kudambo, ndinakana. Ndinawauza kuti akanangokhala chete bwenzi tili ngati anthu ena onse. Anangoti, “Pyadidi,” ndiko kuti chabwino, n'kunyamula chingwe chawo. Ndinawaona akutsika okha m'njira ya pakati pa migwalangwa, malaya atamatira pamsana ndi thukuta. Chilimwe chonsecho sindinapitenso nawo.

Kenako Dona anadwala. Ng'ombe za amalume zinatsimphina milungu iwiri n'kuchira, poti zachikuda n'zolimba. Dona anagona pansi. Bambo ankamutsuka m'kamwa ndi madzi amchere, kumuphikira phala la madeya n'kumamudyetsa ndi dzanja, kumupukuta ziboda ndi nsalu. Anachira, koma anataya mwana amene anali m'mimba, ndipo bere limodzi linauma osabwereranso. Amalume anabwera kudzaima pampanda, manja kumbuyo. “Mwaona, alamu? Mwadziitanira nokha.” Bambo anapitiriza kuthira Dona madzi pamsana.

Amayi anali pomwepo akupeta mapira, ndipo sananene kanthu. Sananene kanthu chilimwe chonse. Ankapitabe kwa amalume kukathandiza kusinja, ankaseka ndi akazi anzawo pamjigo, ankalandira moni wa anthu omwe sankapatsa moni amuna awo. Ine ndinkawaona ngati munthu wamantha amene wasankha mchimwene wake. Chomwe ndinkadabwa nacho n'chakuti madzulo aliwonse, bambo akabwera ndi udzu, amayi ankawatula mtolo okha, kuwatengera madzi osamba m'mapazi, n'kukhala pansi pafupi nawo osalankhula mpaka dzuwa litalowa.

Mvula itagwa chipika chinachotsedwa. Alangizi ananena pamsonkhano kuti matendawo sanafike m'midzi ya kutsidya chifukwa ananenedwa msanga. Anthu anawomba m'manja, n'kubwerera kwawo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzapepesa. Anangoyambiranso kutuma ana ndi mabotolo m'mawa ngati panalibe chilichonse, bambo n'kumawathirira, mwinanso kuwonjezera pang'ono.

Bambo anamwalira ine ndili kale ndi ana awiri. Pamaliro amalume anaimirira m'malo mwa banja n'kunena kuti malemuwo anali munthu wachilungamo amene anapulumutsa ziweto za dera lonse. Ndinafuna kudzuka kuti ndiwafunse pamaso pa anthu za chikwama chija, koma amayi anandigwira chitenje. Anthu atabalalika, tikutsuka mbale kuseri kwa nyumba, amayi anandiuza.

“Amene anaona zilondazo ndine. Ndinapita kukhola la achimwene kukatola ndowe, ndinaona dovu. Ndinati ndikanena ndekha kwa alangizi. Bambo ako anati nkhabe, anakaniratu. Anati, ‘Ine ndine mlendo kale, akandida sinditaya kanthu. Iwe ukadedwa ndi abale ako upita kuti? Ana awa apita kuti?’ Anandilumbiritsa kuti ndisatsegule pakamwa.”

Bambo ananena kuti sataya kanthu, koma sizinali zoona. Anataya anzawo, anataya mwana wa ng'ombe, ndipo kwa chilimwe chathunthu anataya ine. Ndinali mwana. Ndinkaona munthu wina akulankhula pomwe anayenera kukhala chete, ndi wina atakhala chete pomwe anayenera kulankhula, ndipo onse awiri ndinawaweruza. Sindikanatha kudziwa kuti anthu awiri aja, atakhala phee pakhonde mapazi a bambo ali m'beseni, anali atagawana katundu mmodzi, ndipo aliyense ankaona kuti mnzake ndiye wasenza mbali yolemera.