Kuseri Kunali Njira ya Madzi

Choyamba chinali fungo. Nditangolowa m'chipinda chatsopano, chikwama chikadali pamutu, ndinamva chinyezi chokhachokha. M'munsi mwa khoma munali mzere wakuda, pomwepo pamene ana anga amagona.

Ndinachoka kwa Kaphuka nditangomuletsa bere Tadala, mkulu wake Chisomo asanayambe sukulu. Bambo awo anali atapita kwa mkazi wina, kachewere naye atavunda m'munda. Ndinasiya ana kwa amayi, ine ulendo wa ku Joni. Zaka zitatu ndikukolopa nyumba ya eni ake, ya mawindo aakulu ngati zitseko. Kulira kukandigwira ndinkatsegula mpopi kuti asandimve. Mtima unali kunyumba yathu ya miyala, imene agogo aamuna anamanga ndi dothi m'tsinde mwa phiri. Nthawi yachisanu miyala ija inkasunga dzuwa, ife tinkaitsamira madzulo tikukazinga chimanga, msana ukumva kufunda.

Ndiye ndinkatumiza ndalama ndi zithunzi pafoni. Ndinati amisiri awonjezere zipinda ziwiri kuseri, windo lalikulu, pansi matailosi.

"Mwanawe, kuseriko kuli njira ya madzi," anatero amayi.

Ndinaseka. "Amayi, kunotu madzi sauza anthu pomanga."

Ndinali nditaiwala ngalande. Agogo anaikumba kuti madzi a m'phiri azilambalala nyumba, ndipo chaka ndi chaka mvula isanagwe tinkaipala, ine ndi amayi, tikuyimba za kukwaya. Amisiri anaikwirira, n'kumangapo.

Tsiku lachitatu ndibwerereni, masana, mvula inagwa. Ndinaima pawindo langa lija ndikuona madzi ofiira akutsika m'phiri, molunjika, osakhota, n'kudzamenya khoma. Kenako phokoso, ngati nkhuni yathyoka. Ndicheuke, mng'alu uwo kuchokera pawindo mpaka pansi, Tadala wapisamo chala.

"Amayi, taonani, khoma likutuluka thukuta!"

Sindikudziwa kuti ndinawanyamula bwanji awiri. Wina kumsana, wina m'khwapa, mpaka m'chipinda chakale. Mmenemo munali mouma, mukununkha utsi ngati kale. Ndinawakhazika pamphasa, ndinati mukasuntha muona. Amayi sananene kuti ndinakuuza. Anangondipatsa khasu.

Ndinayambira kuseri, mvula ikundimenya, ndinalowa m'kati, ndinaswa matailosi kuti nditsegulenso ngalande ija. Lililonse likamasweka ndinkaona mawondo anga pasimenti ya ku Joni.

A Nachisale, oyandikana nawo nyumba, anafika atafunda thumba.

"Mwazungulira mutu, make Chisomo? Thukuta lanu lomwe?"

"Kabwerekeni piki kwa amuna anu, khasu likuchedwa!"

Anandiyang'ana, anayang'ana mng'alu, anathamanga.

Ndinapitiriza kukumba, khutu lili kwa ana. Amayi anaima pakhomo, dzanja lina pamwala wa agogo, lina likuloza pansi.

"Osati pamenepo iwe. Chakumanzere pang'ono. Inkadutsa apa."