Palibevuto ndi mbiri ya adalaivala

Mlamu wanga ali ndi kachipinda kotayipira makalata pakati pa ometa tsitsi ndi osoka nsapato. Muli kompyuta imodzi, makina osindikizira otsokomola ngati nkhalamba, ndi benchi lomwe mwendo wake umodzi ndi njerwa. Dzina lake lenileni anthu analiiwala. Onse amangoti Palibevuto, poti ndiwo mawu ake kuyambira potsegula mpaka potseka.

Ubwere ndi kalata yofunsira ntchito, palibe vuto. Ubwere ndi fulashi yotola pamsewu, palibe vuto, amangoipukuta pamalaya n'kuilowetsa. Munthuyu ndimamukonda, koma kufatsa kwakeko kumandipsetsa mtima. Mayi wokonza makompyuta anamuuzapo mosapsatira: "Achimwene, mafulashi a anthuwa amanyamula mavairasi. Ena amabisa mafayilo, ena amaba mapasiwedi, ena amakhoma zonse n'kukuuzani kuti mulipire. Zofunika muzisunganso pena." Mlamu anathokoza ndi manja awiri, osachita kanthu. Paja wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Kasitomala wake wapamtima anali adalaivala ena opuma ntchito, amene anayendetsa basi zaka makumi atatu. Manja awo ankanjenjemera moti cholembera sichinkagwirika, ndiye Lachiwiri lililonse ankakhala pabenchi paja n'kumasimba mbiri ya moyo wawo, mlamu akutayipa. Ankafuna kusiyira adzukulu awo kabuku. Patatha miyezi isanu masamba anali atapitirira zana, onse ali m'kompyuta imodziyo basi.

Tsiku lina kunabwera bambo wina ndi fulashi, akuti muli chithunzi cha chiphaso. Munalinso kafayilo kachilendo, ndipo chala cha mlamu sichidziwa kudikira. Anadina. Pofika masana palibe fayilo yomwe inkatseguka, pagalasi la kompyuta pali uthenga wofiira wofuna dipo.

Mayi wokonza uja anabwera, nayang'ana, napukusa mutu.

"Ndi vairasi yokhoma ija imeneyi. Ngakhale mulipire, akubawa sikuti amabweza nthawi zonse. Kope lina munasunga kuti?"

Mlamu anangokanda m'mutu. Ndinamumvera chisoni, ngakhale pakamwa pankandiyabwa kuti ndimukumbutse.

Lachiwiri litakwana mlamu anasesa kachipindako kawiri, nafunsa osoka nsapato ngati kuli maliro ena alionse oti athawireko. Kunalibe. Adalaivala anafika atavala jekete, atanyamula chithunzi choti chikhale pachikuto. Mlamu sanazungulire, anawauza zonse ali chilili.

Akuluwo anakhala pabenchi, chithunzi chili pabondo.

"Zonse? Ndi za malemu akazi anga zomwe?"

"Zonse, bambo. Ndalakwa ndine."

Adalaivala anavula jekete n'kuipinda bwinobwino.

"Basi ikafa panjira sitiitukwana, timatsika n'kukankha. Tsegulani tsamba latsopano. Koma mutayipe msanga, mwana wanga. Zija ndinakuuzani mwezi woyamba, zina zandichoka kale m'mutu."

Mlamu anakoka mpando, naika zala pamabatani a kompyuta yobwereka kwa mayi uja.

"Munayamba ndi tsiku lomwe munawaona koyamba malemu akazi anu, atakwera basi yanu mvula ikugwa."

"Eti?" anatero adalaivala, akusendera pafupi. "Tandiuzani, anavala chiyani?"